Khansa ya Pakhungu: Mankhwala Odzutsa Thupi Afuna Wofika Msanga

Pindani dzanja la malaya anu, muyang'ane pamkono. Ambiri a ife tiri ndi kacipsera kakang'ono kamene tinakatenga tiri makanda, pamene amai athu anatipereka ku kiliniki kukalandira katemera wa cifuwa cacikulu, wochedwa BCG. Mai ali yense amene analera mwana adziwa m'mene kacipserako kamadzera. Patapita masabata awiri kapena atatu cilasireni nyeleti, pamalopo pamatuluka kacotupa kofiira, kenaka kamaphulika ndi kutulutsa timafinya, ndipo pakutha miyezi iwiri kapena itatu kamapola kokha. Mai wa mwana woyamba amathamangira kwa anamwino mtima uli m'mwamba, koma anamwino amangomuuza kuti asafinyepo ndipo asapakepo kanthu, pakuti ndi m'mene katemerayo amagwirira nchito yace.

Ndayamba ndi kacipsera aka cifukwa nkhani imene ndifuna tikambirane sabata ino yagona pomwepo. Madotolo anapeza kuti kufiira ndi kutupa kumene thupi limacita pamalo amodzi, monga kuja kwa katemera, kungathe kupha mitundu ina ya khansa ya pakhungu popanda mpeni. Lero kuli mankhwala opaka amene nchito yao ndi kuutsa mkwiyo wa thupi pamalo pomwe pali nthendayo. Ine ndiona kuti njira imeneyi itiyenera ife anthu a kumidzi koposa anzathu a m'tauni, ndi kuti Boma liyenera kuifikitsa m'zipatala za m'maboma athu onse. Koma ndiyenera kuneneratu poyera kuti mankhwalawa amathandiza munthu amene wafika nthenda ikali pamwamba pa khungu. Wocedwa sapindula nao kanthu.

Mbala ya pakhomo

Tonse tinamva kale za asilikali a m'thupi, maselo oyera a m'magazi amene amamenyana ndi tizirombo ta matenda. Kacirombo ka cifuwa kapena ka cikuku kakalowa, asilikaliwa amakazindikira kuti ndi kacilendo, ndipo amakathira nkhondo. Khansa ndi yosiyana. Iyo imayamba pamene maselo a munthu mwiniyo aonongeka ndi kuyamba kuswana mosaleka. Ndi mbala yobadwira pakhomo pomwepo, ndipo galu sauwa mwana wa pakhomo ngakhale amuone akutuluka m'nkhokwe usiku. Asilikali a m'thupi amagwira maselo oonongeka ambiri ife osadziwa, koma ena amawapita pansi, ndipo amenewo ndiwo amakula kukhala cotupa kapena cilonda cosapola.

Tsono funso limene madotolo anadzifunsa linali lakuti, kodi tingathe kukuwa mfuu pamalo pomwe pali mbalayo, kuti mudzi wonse uthamangireko ndi kuiona bwino nkhope yace?

Amene ambiri amamukumbukira poyamba pa nkhaniyi ndi William Coley, dotolo wa maopaleshoni wa ku New York, m'dziko la America. Iye anawerenga m'mabuku a cipatala za munthu wina amene anali ndi cotupa ca khansa pakhosi, cimene cinazimirira munthuyo atadwala nthenda yoopsa ya pakhungu yodza ndi malungo amphamvu. Coley anamufunafuna munthuyo mumzinda, ndipo anampeza ali moyo patapita zaka zisanu ndi ziwiri. Mu 1891 anayamba kulasa tizirombo ta nthenda ija m'zotupa za odwala ace. Zotupa za ena zinafota ndithu, koma ena anamwalira ndi nthenda yowapatsa dalayo, cotero iye anayamba kugwiritsa nchito tizirombo takufa. Madotolo anzace ambiri sanamukhulupirire, pakuti njira yace inali kuthandiza uyu ndi kulephera pa uyo, ndipo panalibe wodziwa cifukwa cace.

M'zaka za m'ma 1960, dotolo wa matenda a pakhungu dzina lace Edmund Klein, wa pa cipatala ca Roswell Park mumzinda wa Buffalo, anayesa njira yofatsa. Anali kuyamba wapaka munthu mankhwala ena pamalo pang'ono, kufikira thupi litaphunzira kudana nao, monga m'mene khungu la anthu ena limanyerenyetsera likakhudza masamba ena a m'chire. Pambuyo pace anali kupaka mankhwala omwewo, osungunula kwambiri, pa zilonda za khansa. Pamalo pa khansa panali kufiira ndi kutupa koposa khungu labwino la m'mbali, ndipo zilonda zambiri za pamwamba zinali kuuma ndi kupola. Mu 1972 Klein analandira mphoto ya Lasker, imodzi ya mphoto zazikulu za madotolo ku America.

Katemera wathu uja wa BCG nayenso analowa m'nkhaniyi. Dotolo Donald Morton anali kumulasa m'timibulu ta khansa yakuda yochedwa melanoma. Mu 1974 iye ndi anzace analengeza kuti mwa odwala amene asilikali ao a m'thupi anali ndi mphamvu, timibulu 9 mwa 10 tolasidwato tinafota. Codabwitsa cinali cakuti mwa odwala 17 pa 100 ali onse, ngakhale timibulu tina tosalasidwa tinafotanso. Asilikali aja, ataidziwa nkhope ya mbala pamalo amodzi, anapita kukaisaka kwina. Masiku ano BCG sagwiritsidwa nchito kawirikawiri pa melanoma, koma ciyambire 1976, pamene dotolo Alvaro Morales wa ku Canada anayamba kumuthira m'cikhodzodzo, katemera yemweyu akali kuciza khansa ya pamwamba ya m'cikhodzodzo m'maiko ambiri.

Ife a m'Zambia tiri ndi umboni wathu wathu wakuti asilikali a m'thupi amachinga khansa ya pakhungu, ndipo tinaupeza ndi misozi. Mu 1983, dotolo Anne Bayley wa pa University Teaching Hospital ku Lusaka anaona kuti khansa yochedwa Kaposi, imene kale inali kuyenda pang'onopang'ono m'miyendo ya amuna, yayamba kugwira anthu mwaukali ndi kuwapha msanga. Cifukwa cace cinali kacirombo ka HIV kamene kanali kutha asilikali ao. Atafika mankhwala a ma ARV, tinaona ndi maso athu kuti madontho akuda a Kaposi, akakhala owerengeka, kambiri amazirala munthu akayamba kumwa mankhwala ace mokhulupirika, ngakhale kuti amene nthendayo yafalikira afunikanso mankhwala ena a khansa.

Mankhwala a m'kapaketi

Mankhwala amene ali ponseponse lero pa njira imeneyi amachedwa imiquimod, ndipo ambiri amawadziwa ndi dzina la malonda lakuti Aldara. Ndi mafuta oyera okhala m'timapaketi tating'ono. Ku America anabvomerezedwa mu 1997 pociza njerewere za kumalo obisika, ndipo mu 2004 anabvomerezedwa pa zinthu zina ziwiri. Coyamba ndi timabala tokhakhala timene dzuwa limasiya pakhungu, timene tisanakhale khansa koma tingathe kusanduka khansa. Caciwiri ndi khansa yochedwa basal cell, ikakhala ya mtundu woyanga pamwamba cabe.

Nchito yaikulu ya mafutawa ndi kukhudza alonda a m'thupi okhala pansi pa khungu, amene amayesa kuti kwalowa kacirombo, nayamba kutulutsa timadzi toitana anzao. Asilikali akasonkhana pamalopo amapeza maselo oonongeka aja ndi kuwapha. Pa khansa ya basal cell ya pamwamba, wodwala amapaka madzulo pogona, masiku asanu pa sabata, kwa masabata asanu ndi limodzi, ndipo m'mawa, patapita maola ngati asanu ndi atatu, amasambapo ndi sopo. Pa timabala ta dzuwa dotolo amapereka masiku ena, monga aona kuyenera.

Taganizani za munthu wa ku Lundazi kapena ku Chadiza. Cipatala cacikulu ca khansa, Cancer Diseases Hospital, cimene cinatsegulidwa mu 2007, ciri ku Lusaka, ndipo kucokera ku Chipata kokha ulendo wace ndi wa makilomita oposa 500. Pafunika ndalama za basi za anthu awiri, wodwala ndi womdwazika, pafunika kogona ndi cakudya, ndipo munda umatsala ukulowa chire. Kapaketi ka mafuta kamalowa m'thumba la malaya, sikafuna magetsi, ndipo munthu amapaka ali m'nyumba mwace. Ndico cifukwa cace ndanena kuti njirayi itiyenera ife.

Ndani afunika mankhwalawa?

Khungu lakuda liri ndi utoto wacibadwa umene umachinga ukali wa dzuwa, motero khansa yodza ndi dzuwa siticulukira ambiri a ife. Koma pakati pathu pali abale athu acialubino, amene anabadwa opanda utoto umenewu. Pa nchito yanga yoyenda m'misonkhano ya m'midzi ndimaona ana otere akuweta mbuzi masana dzuwa liri paliombo, opanda cisote, makutu ndi khosi ziri psuu. Dzuwa limene mwana wotere limamuocha ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri limasiya cionongeko cimene cimadzaonekera iye atakula. Pamphumi, pamakutu, pamilomo, kumbuyo kwa khosi ndi pamikono pamayamba timabala tokhakhala ngati msasa wopalira mipini. Tambiri timakhala tomweco, koma tina timakula, timalimba, timaphulika, ndi kusanduka khansa yochedwa squamous cell, imene ndiyo imagwira kwambiri anthu acialubino muno mu Africa ndi kupha ambiri a iwo akali acinyamata.

Nthawi ya timabala tokhakhala ija ndiyo nthawi ya mankhwala opaka. M'mera mpoyamba. Pa nthawi imeneyo dotolo angathe kusankha imiquimod, kapena mafuta ena ochedwa fluorouracil amene amapha maselo oonongekawo mwacindunji, kapena kuumitsa timabalato ndi mpweya wozizira koposa. Pa kafukufuku amene anacitika ku Netherlands ndi kulengezedwa mu 2019, fluorouracil ndiye anapambana imiquimod pa timabala ta dzuwa, cotero cipatala cabwino ciyenera kukhala nazo zonse. Koma cilonda cikazama, m'mphepete mwace mukalimba, cikayamba kukha magazi kapena kununkha, nthawi ya mafuta yatha. Pamenepo pafunika mpeni wa dotolo, ndipo mwina ulendo wa ku Lusaka umene tinali kuuopa uja.

Ife a khungu lakuda tisadziyese opulumuka. Melanoma, khansa yakuda ija, kwa ife imakonda kutuluka pansi pa phazi kapena pansi pa cikhadabo, ndipo ambiri amayesa kuti ndi munga kapena cipsera ca cikhumudwa. Woimba wochuka wa ku Jamaica, Bob Marley, anampeza nayo pa cala ca kuphazi mu 1977, ndipo anamwalira nayo mu 1981 ali ndi zaka 36. Kadontho kakuda ka pansi pa phazi kakayamba kukula kapena kusintha maonekedwe, musataye nthawi ndi mafuta a mtundu uli wonse, pakuti khansa imeneyi imafuna kudulidwa msanga. Ku America mu 2015 anabvomereza nyeleti yochedwa T-VEC, yopangidwa ndi kacirombo kosinthidwa ka zilonda za pamilomo, imene amailasa m'timibulu ta melanoma yokanika kudula. Koma iyo ndi yokwera mtengo zedi ndipo imasungidwa m'mafiriji ozizira koposa a katemera wa ku kiliniki, motero tisaikepo mtima.

Zimene otsutsa anganene

Ena adzati, nanga si mpeni ndiwo uciza bwino? Anena zoona, ndipo sindifuna kukubisirani. Ku Britain anayerekeza njira ziwirizi pa odwala pafupifupi 500 a khansa ya basal cell yosazama, ndipo zotuluka zace zinalengezedwa mu 2014. Patapita zaka zitatu, mwa opaka imiquimod anacira ndi 84 pa 100 ali onse, pamene mwa odulidwa anacira ndi 98. Cotero pamene pali kacilonda kamodzi ndipo dotolo wodula ali pafupi, kudula ndiko kwabwino. Koma munthu wacialubino wa zaka makumi awiri angathe kukhala ndi timabala tosawerengeka pamphumi ndi pamikono. Kodi mudzamdula nkhope yonse? Mafuta amapakidwa pa dera lonse loonongekalo, ndipo amafukula ngakhale timabala timene maso sanayambe kutiona.

Ena adzati anthu a kumudzi sadzapirira, adzataya mankhwalawo pa njira. Bvuto limeneli liripo ndithu, ndipo ndilo lindidetsa nkhawa koposa. Munthu akapaka sabata imodzi kapena ziwiri, pamalopo pamafiira, pamatupa, pamanyerenyetsa, pamacita nkhanambo, ndipo nthawi zina pamasupuka ndi kukha madzi. Ena amamva kuphwanya m'thupi ngati cimfine. Wodwala akadziyang'ana pa kalilole amaona kuti nkhope yace yaipa kuposa tsiku limene anapita ku cipatala. Apongozi ndi anansi amayamba kunong'ona kuti mankhwala a ku cipatala amuocha, kapena kuti nthendayi ndi ya kwa anthu, ndipo m'mawa mwace timapaketi tiri m'cimbudzi.

Apa ndi pamene ndikupemphani kuti mukumbukire kacipsera ka pamkono kaja. Walira mvula walira matope. Kufiirako ndi fumbi la nkhondo imene asilikali anu akumenya, ndipo madotolo anaona kuti odwala amene khungu lao linafiira kwambiri ndiwo kambiri anacira bwino. Ululu ukapitirira muyezo, kapena pakatuluka mafinya ndi malungo, bwererani kwa amene anakupatsani mankhwalawo. Iye angathe kukuuzani kuti mupumule masiku angapo ndi kuyambanso. Mutatha masabata onse, khungu limapola pang'onopang'ono, ngakhale kuti kwa ena pamatsala banga loyererako kapena loderako. Muyeneranso kubwerera patapita miyezi ngati itatu kuti dotolo aone ngati nthendayo yathadi, pakuti mwa ena imatsalira. Anthu athu apirira miyezi isanu ndi umodzi ya mapiritsi a cifuwa cacikulu cifukwa anauzidwa bwino. Akauzidwa bwino za mafutawa m'cinenero cao, masabata asanu ndi limodzi sadzawakanika.

Cacitatu ndico coopsa koposa. Padzapezeka wina wakuti, ngati nkhani ndi kufiiritsa khungu, ife tidziwa kale zimenezo, nayamba kudontheza mkaka wa nkhadze kapena madzi a m'batire pa cilonda, kapena kutemerapo mphini ndi kupakapo phulusa. Abale anga, zinthu ziwirizi zingafanane pa maso koma nchito yace ndi yosiyana. Nkhadze ndi madzi a m'batire zimaocha mnofu uli wonse umene zaukhudza, wabwino ndi woipa pamodzi, ndipo palibe wodziwa kuti zalekera pati. Pamwamba pangathe kupola ndi cipsera cosalala, pamene mizu ya khansa ikuyenda pansi kulinga ku fupa ndi ku mwanabere. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wotere amafika ku cipatala patapita caka, nthawi ya mafuta ndi ya mpeni waung'ono itapita kale. Ndiponso musagule imiquimod kwa ogulitsa pa msika kuti mudzipake nokha. Ciyambi ca nchito yonseyi ndi kudziwa mtundu wa cilonda, ndipo kambiri dotolo amayenera kudulako kacidutswa kakang'ono kuti akakapime. Safunsa anadya phula.

Pempho langa

Kwa akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo ndipempha zinthu zitatu. Mankhwala opaka awa, imiquimod ndi fluorouracil, akhale m'nkhokwe za zipatala za m'maboma pamodzi ndi mafuta ochinga dzuwa, ndipo anthu acialubino aziwalandira kwaulere. Anamwino ndi othandiza madotolo a m'makiliniki a kumidzi aphunzitsidwe kusiyanitsa kabala kokhakhala ndi cilonda cozama, kuti adziwe wopatsa mafuta ndi wotumiza msanga ku zipatala zazikulu monga ca ku Chipata kapena ca St Francis ku Katete. Ndipo pakhale tsiku lodziwika, kawiri pa caka, limene munthu wacialubino ali yense aonedwa khungu lonse. Ndalama zogulira timapaketi ta munthu mmodzi ndi zocepa poyerekeza ndi zimene Boma limataya pa munthu yemweyo akagonekedwa miyezi ku Lusaka.

Kwa inu mafumu ndi manduna a midzi, mudziwa nyumba iri yonse ya m'mudzi mwanu imene muli mwana wacialubino. Itanani makolo ace, muwafunse kuti mwanayo anaonedwa liti ku cipatala. Pa 13 June caka ciri conse, ciyambire 2015, maiko onse amakumbukira anthu acialubino, ndipo tsiku limenelo lingakhale loyenera kuti mudzi upereke njinga kapena ngolo yowaperekera ku kiliniki. Inu aphunzitsi, lolani mwana wotere kubvala cisote cacikulu ndi malaya a manja atali ngakhale yunifomu ya sukulu itakhala ina, ndipo musamtume kukalima dimba la sukulu masana. Inu makolo, mupatseni nchito za m'mamawa ndi za madzulo, kapena za pamthunzi, pakuti mankhwala onse amene ndachula pano amadza pambuyo, dzuwa litaononga kale.

Ndipo kwa iwe mbale wanga wacialubino amene ukuwerenga tsamba lino, kapena amene mnzako akukuwerengera, madzulo ano yendetsa cala pamphumi, pamakutu ndi kumbuyo kwa khosi. Ukamva pamalo pokhakhala pamene sipacoka ngakhale usambe, kapena ukakhala ndi cilonda cimene catha mwezi cosapola, usadikire kukolola kapena kugulitsa thonje. Pita ku kiliniki sabata ino, ukawaonetse, ndipo ukafunse ngati nthenda yako ikali ya mafuta.